A Odale, Munthu Wokhala Pambali

Mwezi watha tinakaika Mayi Tereza Kaduya kwawo ku Ntcheu. Anamwalira ali nkhalamba ya zidzukulu zambiri, atangodwala masiku atatu. Pobwerera m'minibasi ndinayamba kuwerenga pa zala anthu amene tinali pa dambo lija la ku Kasarani, ku Kenya, ndipo ndinapeza kuti ndatsala ndekha. Dokotala Wanjiru anapita kale. A Odale anapita kalekale, zaka za m'ma 1980 zisanathe.

Sabata yomweyo ndinamva pa wailesi kuti madokotala a kunja ayambiranso kufufuza bowa wina amene amaonetsa munthu zinthu, kuti mwina angathandize anthu amene chisoni chawakanirira mumtima. Wolengezayo ankalankhula ngati ndi chinthu chimene changotuluka m'botolo dzulo. Ndinazimitsa wailesi. Ngati sindinena ine za a Odale, palibenso wina adzanene.

Dzina lawo lenileni linali a Lameki Mwale. La Odale linachokera ku ntchito, chifukwa anakhala odale pa chipatala cha odwala misala kumudzi zaka zoposa makumi awiri, kusambitsa odwala, kuwadyetsa, kuwagwira akalusa. Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo Feliya anawatenga kuti azikhala naye ku Nairobi. Feliya anali sekilitale pa bungwe lina la mayiko ku Westlands, kumene inenso ndinkatayipa makalata, ndipo nyumba zathu ku South B zinkalekana ndi mpanda wa maluwa basi.

A Odale anali aatali, oonda, ovala malaya oyera omanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale kutenthe chotani. Nsapato zawo zinali zatenesi, ndipo ankayenda osamveka. Unkangotembenuka n'kupeza aima kale kumbuyo kwako, manja kumbuyo, akukuyang'ana m'maso ngati akuwerenga ngati wagona bwino. M'chiuno ankamangirira botolo la madzi ndi chingwe. Kumsika nalo, kutchalitchi nalo, ngakhale pa ukwati atavala jekete, botolo lili lendelende. Koma palibe anawaonapo akumwa. Ana akawaseka, iwo ankangoti munthu asamakhale ndi chifukwa chodzukira pamene wakhala.

Chiswahili anakana kuchiphunzira. Ankadziwa "pole" ndi "shilingi ngapi", kwinako ankangolankhula Chichewa mokweza, ndipo oitanira anthu m'maminibasi a ku South B, amene kumeneko amati matatu, ankawadziwa ngati mzee, ndiye kuti mdala, wolongolola amene salola kukankhidwa. Komabe panali bambo wina wodwala mutu amene ankagona kuseri kwa maduka, wovala masaka, amene aliyense ankamulambalala. Loweruka lililonse m'mawa a Odale ankapita ndi lumo ndi sopo, n'kumumeta ndevu, n'kumuwenga zikhadabo. Sankamvana chilankhulo. Bamboyo ankagenda ana ndi apolisi omwe, koma a Odale akafika ankatambasula manja ngati mwana.

Za misala ankati ili mitundu iwiri. Pali munthu amene chitseko chake chatsekeka iye ali mkati, ndiye pali amene chitseko chake chinazuka, mphepo ndi mawu zikungolowa. Ankati cholakwa cha madokotala ambiri n'kupereka mankhwala amodzi kwa onse awiri.

Mvula yaikulu ikayamba mu Malichi, ankasowa m'mawa. Ankakwera matatu mpaka m'tauni, n'kukwera ina ya msewu wa ku Thika, n'kukatsika ku Kasarani. Masiku amenewo kunalibe bwalo la mpira kapena nyumba zosanja, kunali minda ya khonje, udzu, ndi ng'ombe. Ankabwerako masana, matope m'nsapato, m'manja mulibe kanthu. Ukawafunsa ankati anakaona alendo. Feliya anafika poganiza kuti bambo ake apeza mkazi. Zoona zake tinazidziwa chifukwa cha Mayi Tereza.

Mwamuna wa Mayi Tereza, a Kaduya, anali katswiri wa zachuma, mmodzi mwa anthu amene dzina lawo silinkafunika kumudzi m'zaka zimenezo. Munthu wotere, kapena mkazi wake, akatsika ndege kwathu ankakumana ndi anthu omudikira. Ndiye mayi ake a Tereza atamwalira ku Ntcheu, telegalamu inafika atagona kale m'manda milungu iwiri, ndipo ngakhale ikanafika msanga, njira kunalibe.

Mayi Tereza sanalire. Anapinda telegalamuyo, n'kukavala diresi la paulendo ndi nsapato, n'kukhala pa mpando m'khonde la m'nyumba, chikwama pamiyendo, maso ku chitseko. Mawa lake chimodzimodzi. Chingerezi chinayamba kuwathawa, kenako Chiswahili, mpaka kunatsala mawu ochepa a Chichewa. Chakudya ankachita kuwakakamiza. Miyezi inadutsa.

A Kaduya anawatengera kwa Dokotala Wanjiru, mayi wa ku Kenya komweko amene anaphunzira za matenda a maganizo kunja ndipo anali ndi kachipatala kake ku Westlands. Ine ndinkapita nawo kukatanthauzira. Mapiritsi amene anapatsidwa anawaumitsa khosi, malovu n'kumatuluka, koma maso sanachoke pa chitseko. Tsiku lina dokotala ananena motsitsa mawu kuti chatsala n'kuwagoneka m'chipatala chachikulu n'kuwaombetsa magetsi m'mutu.

Nthawi yonseyi a Odale ankapita kwa a Kaduya tsiku ndi tsiku. Ankakoka mpando n'kukhala pambali pa wodwalayo kuyambira m'mawa mpaka ana ataweruka kusukulu, osalankhula, osapemphera mokweza, osadzuka. Nditawauza za magetsi, nkhope yawo inasintha.

"Naphiri," anatero, poti ankanditchula ndi mfunda, "manja awa agwirapo anthu ambiri pa bedi la magetsi. Ena anachira, sindinama. Koma mayi awa sakudwala zimenezo. Sanaike maliro basi. Mawa mundiperekeze kwa adokotala anuwo."

Mu ofesi ya dokotala anakhala chiwongokere, chipewa pa bondo, n'kuyamba kufotokoza, ine ndikutanthauzira. Anati kwawo kwa amayi awo, m'mapiri a kumalire cha ku Dedza, kunali mwambo umene ankautcha kuperekeza. Munthu akafa kutali, ku migodi ya ku Joni kapena m'madzi, mtembo osaoneka, nthawi zina wotsalayo ankauma ngati mmene aumira Mayi Tereza. Pamenepo azakhali awo, amene ankasunga mwambowo, ankamutengera kuthengo masana n'kumudyetsa bowa wina womera kumene kumadya ng'ombe, kuti akaonane ndi womwalirayo, atsanzikane. Bowayo sankamutchula dzina. Ankangoti alendo. Ndipo a Odale anawapeza alendo omwewo ku Kasarani chaka chawo choyamba, ndiye ankapita kukangowalonjera, osathyola.

Ine ndinakulira ku Zomba ndipo ndinali ndisanamvepo zoterezi. Pambuyo pake ndafunsa anthu ambiri a ku Dedza, palibe akudziwa. Mwina unali mwambo wa banja limodzi, umene unatha ndi eni ake.

Ndinkayembekezera kuti dokotala aseka. Sanaseke. Anavula magalasi, n'kunena kuti pamene ankaphunzira kunja, aphunzitsi ake ena ankayesa mankhwala otengedwa ku bowa wa mtundu umenewo, amene anaphunzira kwa anthu a kumapiri a dziko lina, mpaka lamulo linabwera n'kutseka zonse.

"Mufunseni mzee," anandiuza, "amapereka wochuluka bwanji?"

A Odale anapukusa mutu. "Auzeni adokotala kuti ayamba ndi funso lomaliza. Loyamba n'lakuti, sapatsidwa ndani. Wa chitseko chozuka sapatsidwa. Amene kwawo kuli womva mawu sapatsidwa. Wofuna kungoona zinthu sapatsidwa. Wosafuna yekha sapatsidwa. Lachiwiri n'lakuti, akhala pambali ndani. Wokhala pambali sadya nawo, ndipo sadzuka. Mvula igwe, njoka idutse, sadzuka. Mankhwala ake ndi ameneyo. Alendo amangotsegula chitseko."

Dokotala anavalanso magalasi ake. Ankadziwa kuti zikamveka, chiphaso chake cha udokotala chipita, mwinanso apolisi abwera. Pomaliza anati sangapereke chilolezo cha chinthu choletsedwa, koma ngati banja lasankha, iye sangalole wodwala wake apite kuthengo popanda iye. Anati ayambe wawachotsa pa mapiritsi pang'onopang'ono, ndipo adzabwera ndi jakisoni m'chikwama.

A Kaduya anavomera ndi misozi. Koma a Odale anati mwini wake sananene. Anagwada patsogolo pa mpando uja n'kuitana, "Mayi, mukufuna kukatsanzikana ndi amayi anu?"

Kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri, Mayi Tereza anachotsa maso pa chitseko. "Basi yafika?"

"Basi kulibe, mayi. Koma njira ina ilipo, ndipo ndi yoopsa. Musayankhe lero."

Panapita masiku awiri. Lachitatu lake, a Odale atangokhala pa mpando wawo, mayiwo ananena osawayang'ana, "Ndikufuna."

Tinapita kumapeto kwa Malichi, mvula itakata masiku awiri, pa galimoto yaing'ono ya dokotala. A Kaduya analetsedwa kubwera. A Odale anati Mayi Tereza ali ndi mawu ena okhudza amuna awo amene sangawanene amunawo ali pomwepo. Tinasiya galimoto pamsewu n'kuyenda pakati pa khonje mpaka pa dambo lotseguka, pamene panali mtengo umodzi wa mthethe. A Odale anayala mphasa. Ine ndi dokotala anatiuza tikhale patsinde pa mtengowo, tisalankhule. Iwo anapita okha kuseri kwa zitsamba, ndipo tinamva akuomba m'manja mwaulemu, monga munthu wofika pakhomo pa apongozi. Anabwera ndi kanthu kokulunga m'tsamba, n'kutifulatira kuti tisaone. Mayi Tereza atadya, anawagoneka chagada, n'kuwaphimba kumaso ndi mpango. Kenako anakhala kumapazi, n'kugwira phazi lawo lamanja ndi dzanja limodzi.

Ndinali nditawafunsa m'galimoto chifukwa chake zimachitika masana. Anati akufa sakhala ndi chithunzithunzi, ndiye amachita manyazi kubwera pamene amoyo ali nacho. Ku Nairobi, m'masiku amenewo a chaka, dzuwa limafika pamutu penipeni. Ndinali nditakhala mumzindawo zaka zisanu osazindikira. Tsiku limenelo ndinayang'ana a Odale atakhala padzuwa, ndipo pansi panalibe chithunzithunzi chawo. Mthunzi wa mthethe unali utadzikundika patsinde ngati waopa. Mbalame zinaleka kulira. Ng'ombe zimene zinkadya chapatali zinaimika mitu, zonse kuyang'ana kwa ife, osatafuna.

Mayi Tereza anayamba ndi kuseka, kaphwete kakang'ono ka mtsikana.

"Amayi, mwavala nsalu yanga," anatero. Anadikira ngati akumvetsera. "Ayi, ikukukhalani. Tengani."

Analankhula nthawi yaitali, akumaima kuti winayo ayankhe. Anafunsa za mbuzi, za denga la khitchini. Kenako mawu analemera. "Sindinakuthaweni, amayi. Ananditsekera njira. Ndinavala, amayi, ndinavala tsiku lomwelo." Za amuna awo ananenadi, ndipo zimenezo ndipita nazo kumanda. Atatero anakoka mpweya, n'kubuma maliro. Kunali kubuma kwa kwathu kwenikweni, kotchula womwalira ndi mudzi wake, kumene sindinakumvepo m'dziko la eni. Kunayenda pa dambo lonselo. Bambo wina woweta ng'ombe patali anavula chipewa. Dokotala anagwira chikwama chake cha jakisoni, koma a Odale anamuyang'ana kamodzi, ndipo anachisiya.

Kulira kutatha, kunakhala bata. Ndinaganiza kuti zatha. Pamenepo Mayi Tereza anachotsa mpango kumaso, n'kudzutsa mutu. Sanayang'ane a Odale. Anayang'ana pamwamba pa phewa lawo.

"A Odale, bambo aima kumbuyo kwanuwo ndani?"

"Palibe munthu, mayi. Yang'anani amayi anu."

"Alipo. Buluku lawo lanyowa mpaka m'maondo." Anapendeka mutu, kumvetsera. "Akuti ndi a Sitefano. Akufunsa ngati ludzu lija linatha."

Ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Kunali udzu basi, ndi mpweya wotentha ukunjenjemera pamwamba pake. Dokotala anandigwira mkono n'kunong'ona kuti wanena chiyani, koma sindinamutanthauzire. Nkhope ya a Odale inachita ngati phulusa. Dzanja lawo limodzi linali likadali pa phazi la mayiwo. Ndinaona bondo lawo likunyamuka, thupi lonse likufuna kutembenuka kapena kuthawa, sindikudziwa. Kenako anatenga dzanja linalo, n'kulikanikiza bondolo pansi.

"Muwauze," anatero, mawu ali osasa, osacheuka, "kuti sindikudzuka."

Mayi Tereza anadikira. "Akuti aona."

Ntchentche inatera pa chikope cha a Odale, sanaithamangitse.

"Akupita ndi amayi," anatero mayiwo pomaliza. "Akuti njira ndi imodzi." Anabwezera mutu pa mphasa n'kutseka maso.

A Odale anakhala pomwepo mpaka dzuwa linapendeka, zithunzithunzi n'kubwerera, ng'ombe n'kuyambanso kudya. Mayi Tereza atadzuka anati ali ndi ludzu. A Odale anamasula botolo lija m'chiuno, n'kuwamwetsa, n'kumwa otsalawo iwo eni, madzi akuyenderera m'chibwano.

Sindinganene kuti mayiwo anachira tsiku lomwelo. Mawa lake anavula nsapato za paulendo n'kumwa phala okha, koma anapitirizabe kuonana ndi Dokotala Wanjiru chaka chathunthu, ndipo masiku ena oipa ankabwerabe. Koma anabwerera kwa ana awo. Dziko lathu litasintha anapita kwawo, n'kukalima pafupi ndi manda a mayi awo. Za tsiku lija sankazikamba. Nditawachezera atakalamba, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati akukumbukira a Sitefano. Anandiyang'ana modabwa. "Sitefano wake uti?"

Amene anandiuza za Sitefano ndi a Odale eni ake, patapita milungu ingapo, tsiku lina masana akudulira mpanda wa pakati pa nyumba zathu. Sanandiyang'ane, ankangodula.

Anali msuweni wawo, wobadwa chaka chimodzi ndi iwo. Mkulu wake anafera ku mgodi, ndipo Sitefano anauma. Azakhali aja anali atakalamba, miyendo yosawalola kukhala pansi nthawi yaitali, ndiye anauza Lameki, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zochepa, kuti akhale pambali. Linali tsiku lotentha pakati pa dzinja. Sitefano anagona phee, ngati wagona tulo. Lameki anamva ludzu. Mtsinje unali pafupi, madzi ake akumveka.

"Ndinati ndingomwa n'kubwerera, Naphiri. Sindinachedwe. Ndinapeza mphasa yokha."

Anamupeza kumunsi kwa mtsinje womwewo, ataima m'madzi ofika m'maondo, akuitana Lameki, koma Lameki atamugwira sanamudziwe. Sanamudziwenso mpaka kufa. Azakhali anangonena kuti wamusiya pakati pa njira, ndipo sanachitenso mwambowo. Sitefano atatengedwa kupita ku chipatala cha misala, Lameki anamutsatira, n'kupempha ntchito yosesa, kenako n'kukhala odale. Anamusambitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mkazi wawo sanadziwe kuti wodwala uja ndi m'bale, Feliyanso sanamvepo dzinalo.

Anati atagwira ntchito zaka zambiri anazindikira kuti mwina chitseko cha Sitefano chinali chogwedera kale, poti atsibweni ake ankamva mawu, ndipo sankayenera kupatsidwa n'komwe. Ndinati ndiye kuti si mlandu wawo. Analeka kudula, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. "Mwina. Koma anaitana, ine kulibe."

Ndi Dokotala Wanjiru anakangana zaka zonse zotsala. Dokotala ankabwera Lamlungu masana ndi paketi ya masamba a tiyi ndi tepi yojambulira mawu, ine n'kuitanidwa kudzatanthauzira ndewu. Ankafuna amuonetse bowayo kuti akamuyeze, adziwe chimene chili mkati, alembe kuti madokotala anzake awerenge.

"Mzee, anthu ngati Tereza ndili nawo ambiri," ankatero. "Zimene mukudziwazi zifa nanu."

"Zimitsani kaye chimakina chanucho," ankayankha a Odale. Akazimitsa, ankapitiriza. "Mukawaika alendo m'kapisozi, adzakhale pambali ndani? Ine wadi ndikuidziwa, adokotala. Nesi mmodzi, odwala odzaza chipinda, belu likulira uko. Adzadzuka. Sadzafuna, koma adzadzuka. Ndiye mudzakhala ndi a Sitefano odzaza wadi."

Za Sitefanoyo, zimene a Odale anadzamufotokozera pambuyo pake, dokotala anali ndi yankho lake. Ankati pa miyezi imene a Odale anakhala pambali pa Mayi Tereza, ayenera kuti anang'ung'udza dzinalo osadziwa, poti wodwala wosalankhula amamva zonse. A Odale ankavomera ndi mutu mwaulemu. "Zingatheke. Nanga za ludzu? Nanga buluku?" Dokotala ankati zimenezonso. Iwo ankati chabwino, tiyi akuzizira.

Tsiku lina dokotala anapita yekha ku Kasarani n'kubwera ndi bowa wodzaza katoni. A Odale anatsegula, n'kutseka msanga. Anati atatu mwa amenewo akanapha banja lonse, ndipo anakakwirira katoniyo kuseri, n'kumukalipira mayi wophunzirayo ngati mwana wosewera ndi moto. Dokotala sanalembe kalikonse. Koma nditapitanso ku kachipatala kake ndinapeza kuti pambali pa bedi lililonse aikapo mpando, ndipo wachibale akabweretsa wodwala ankauzidwa kuti asangomusiya, akhale.

Nkhani inatuluka kudzera mwa a Kaduya, amene chikumbumtima chinawavuta n'kukaulula ku gulu lathu la mapemphero la Amalawi. Mkulu wina anaimirira n'kunena kuti pakati pathu pali wobwebweta ndi mizimu. A Odale, amene ankatsogolera nyimbo, anauzidwa kuti asaimenso kutsogolo. Sanadziteteze. Anangofunsa kuti pa miyezi imene mayiwo anakhala m'khonde, ndani mwa iwo anakhalapo naye kupitirira ola limodzi. Lamlungu lotsatira anabwera ndithu, n'kukhala benchi yomaliza, besi yawo ikumveka kuposa kale.

Ana asukulu awiri a ku yunivesite atamva anabwera kudzapempha kuti nawonso aoneko zinthu. A Odale anawathamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu. Amene anawagonjetsa ndi Feliya. Analira, n'kunena kuti zikamveka kuntchito achotsedwa, ndipo onse awiri alibe kobwerera. A Odale analonjeza kuti sadzachitanso, ndipo sanachitenso. Mayi wina wamasiye anawagwadira pambuyo pake, anamukana, koma anakhala pambali pake miyezi itatu.

Mathirakitala atayamba kusalaza ku Kasarani kuti amange bwalo la masewero, anapitako kamodzi, n'kubwera msanga. Anati alendo asamuka. Sanakwerenso matatu ya msewu wa ku Thika.

A Odale anamwalira ali pa ntchito imene palibe anawalemba. Mnansi wathu wina wa ku Kenya, bambo wopuma pa ntchito ya njanji, anafa ziwalo mbali imodzi n'kugonekedwa m'chipatala, ana ake ali kutali. A Odale ankapita kukakhala naye. Tsiku lina cha m'ma thuu koloko masana nesi anawapeza ali pa mpando, mutu utawerama pang'ono, dzanja lili pa phazi la wodwalayo. Anali atazizira kale. Wodwalayo, ndi pakamwa pake popotoka, anati anazindikira kuyambira m'mawa, koma sanafune kuitana munthu, poti dzanjalo linali lisanamusiye. Nesi anachita kutambasula zala za a Odale chimodzichimodzi.

Tinawaika ku Nairobi konko. Dokotala Wanjiru anaima kumbuyo, ndipo sanachoke mpaka manda atawundidwa.

Patapita mlungu, Feliya anandipempha ndimuthandize kuchotsa katundu m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba. Ali moyo sankalola munthu kulowamo, ngakhale wosesa. Munali bedi lachitsulo loyalidwa mokoka ngati la m'wadi, mpando umodzi, Baibulo, ndi sutikesi. Zinatitengera mphindi zochepa. Titasuntha bedi m'pamene tinaona khoma. Kuyambira pansi mpaka pamene dzanja la munthu wogona lingafike, linali lodzaza maina, olembedwa ting'onoting'ono ndi pensulo ija ya m'chipatala imene ukainyambita imalemba ngati inki. Ena anali maina athunthu. Ena anali ongoti Mayi wa ku Mwanza, Wosalankhula wa pa zenera, Bambo woimba. Feliya anawerenga mizere ingapo, n'kukhala pansi pa simenti. Anati ena akuwakumbukira, ankawamva ali mwana bambo ake akaweruka. Anali odwala amene anafera m'chipatala chija popanda wachibale kubwera kudzatenga mtembo.

Mwini nyumba anapaka laimu kawiri kuti apeze wina wokhalamo. Kunja kukauma, khomalo linkaoneka loyera bwinobwino. Koma mvula ya Malichi ikabwera, chinyontho chikalowa mu njerwa, mainawo ankatuluka pansi pa laimuyo, ofiirira ngati jivi wopaka pa bala. Wolowamo woyamba anakhala mwezi umodzi. Wachiwiri sanakwanitse.

Ndinakasuzumiramo komaliza tsiku limene ndinkachoka ku Nairobi. Kunja kunkawaza. Chitseko chinali chotsegula, chomangidwa ndi waya kuti mphepo isamachimenyetse. Munalibe kanthu, koma mabowo anayi pa simenti pamene panaima miyendo ya bedi, ndi chisa cha mavu pakona ya denga. Khoma linali litayamba kunyowa kuchokera pansi, ndipo mzere woyamba unali utatuluka kale, wachiwiri ukubwera. Ndinaima pakhomo, chikwama m'manja, takisi ikuliza hutala kumsewu, n'kuwawerenga mokweza mmodzimmodzi, amene ankaoneka.